Tsiku limene Kanakantapa yonse inadwalira Ba Rosaria

Amayi anga akulu, Ba Rosaria Njobvu, sapereka moni ngati anthu ena. Ukawapatsa dzanja amaligwira ndithu, koma amakukokera pafupi n'kutsitsa chikope chako cha m'munsi ndi chala chachikulu, kuti aone ngati magazi akukwana. Anandichita zimenezi pa bwalo la ndege, anthu akuona, nditangotsika kuchokera ku Mangalande kumene ndinakulira.

"Wendy, kansi kuja mumadya mapepala?" anatero. "Magazi ulibe iwe."

Umenewo ndiwo unali moni wanga wobwerera kwathu.

Iwo ndi amayi anga ondibereka ndi a mimba imodzi, ndipo onse awiri anaphunzira unesi pa chipatala cha mishoni, kwa masisitere amene ankayeza kutalika kwa diresi ndi rula. Nthawi ija manesi ankatuluka m'dziko muno ngati inswa pa chulu, amayi anga anapita, nanditenga. Ba Rosaria anakana. Atafunsidwa chifukwa chake anati anamva kuti kumeneko kulibe chibwabwa, masamba a maungu aja, ndipo sanaonjezepo mawu ena. Anatsala, n'kugwira ntchito m'zipatala za m'Chongwe muno mpaka tsitsi linayera, makamaka ku chipinda cha amayi oyembekezera. Amuna awo, malemu Ba Matthias, ankayendetsa galimoto ya mkaka ku Palabana, ndipo ndiwo anapeza munda wa ku Kanakantapa kumene banja linakhazikika.

Kuyenda nawo pa msika ndi ntchito. Bambo wandevu zake akaima kuti awapatse ulemu, iwo amanditembenukira n'kunena mokweza, "Uyu ninamugwila ine. Anabwela na matako patsogolo." Bamboyo amayang'ana pansi, mkazi wake ali pambali kufa ndi phwete.

Atapuma pa ntchito, anthu ankayesa kuti aziweta nkhuku n'kumaimba kwaya ngati anzawo. Iwo anatenga za penshoni n'kumanga kiliniki m'mphepete mwa munda, pafupi ndi msewu wafumbi. Chipatala cha boma chilipo, ndipo manesi ake amawatcha ana awo, koma ndi ochepa, mzere wake umayamba dzuwa lisanatuluke. Kiliniki yolipira inali imodzi yokha, kutali ku msewu wa tala, kumene umafika ngati minibasi yafuna ndiponso ngati mvula yalola. Ba Rosaria ankafuna chinthu chimodzi: kutsegula khomo lawolawo, chikwangwani chake chitalembedwa dzina lawo. Moyo wonse anagwira ntchito pansi pa mayina a ena.

Koma kiliniki si kantemba. Kantemba umakhoma malata Lachisanu, Loweruka wayamba kugulitsa machesi ndi mabanzi. Kiliniki imafuna chilolezo chochokera ku bungwe la boma loyang'anira zipatala, ndipo chilolezocho sichituluka mpaka oyendera atabwera kudzaona nyumbayo ndi maso awo. Ine ndinabwera ndi maganizo ongodutsa. Ndinkati ndikhala pang'ono, kenako ndipita ku Lusaka, kapena ku Nairobi, kapena kubwerera kumene ndinachokera. Malo alionse ankandikomera ndikakhala kuti sindili komweko. Amayi akulu sanafunse za maganizo angawo. Anandipatsa malamulo a bungwe lija kuti ndiziwawerengera.

"Chizungu chako cha m'mphuno chija chigwileko nchito," anatero.

Ndinawerenga, iwo n'kumaitana mmisiri wawo, Ba Jonas. Khomo likule kuti mpando wa matayala uzilowa. Masitepe achoke, pakhale potsetsereka. M'chipinda chilichonse choonera odwala mukhale mpope wosambira m'manja, wotuluka madzi enieni, osati ndowa ndi kapu, ndiye panafunika thanki pamwamba ndi pampu ya sola. Kuseri kukhale ng'anjo yootchera masingano ndi mabandeji. Chimbudzi cha amuna, cha akazi, ndi china cha antchito.

"Anchito ndine nekha!" anakuwa amayi. "Ndiye kuti nizakhala na chimbudzi changachanga monga bishopu?"

Ba Jonas anagumula khoma limodzi lomwelo kambirimbiri, mwakuti m'mawa akafika ankayamba kulipatsa moni lisanamve hamala.

Ine zinkandinyansa. Kumene ndinakulira ndinaphunzirako za chuma, ndipo ndinali ndi mawu ambiri osowa owamvera.

"Amayi, malamulo aya analembela vipatala vikulu va mu Lusaka," ndinkatero. "Lamulo likachuluka pakhomo, okondwa ni uja ali kale mukati. Palibe wina angalowe kuti apikisane naye, ndiye aika mitengo mwamene afunila."

"Iwe, unaonapo mwendo wa mwana wolasidwa nsingano kuseli kwa msika na munthu wosaphunzila?" ankandiyankha. "Ine ninauona, ninautsuka na manja aya. Lamulo likhale."

Akatero ankatembenuka n'kukalinyoza lamulo lomwelo kwa Ba Jonas mpaka madzulo. Ankalidandaula ngati mmene mkazi amadandaulira mwamuna wake: wololedwa kumunena ndi iye yekha.

Amene anali kale m'kati uja anali Ba Sanford Chabala, mwini kiliniki ya ku tala. Anthu amangowatcha Ba Dokota, ngakhale maphunziro awo sanafike pamenepo, ndipo iwo sakana. Ndi Mbemba wa ku Luwingu, pamene ife kwathu kwenikweni ndi ku Petauke, choncho pakati pa iwo ndi amayi pali chimbuya, chibale chija cha mitundu chimene chimalola anthu kunyozana popanda mlandu. Ankakonda kupatuka ndi galimoto yawo yoyera kudzaona mmene ntchito ikuyendera.

"Ba Sisita, muli shani? Nabwela kuona hotela ya mbeba."

"Wendy, bisa masupuni. Kwabwela Mubemba."

Ankazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo, akugogoda makoma. "Ichi chitseko chikali ching'ono. Bazakugwetsani. Ine bananigwetsa mpaka ninayonda." Ankanena zimenezi nkhope ikuwala. Malamulo aja ankawakonda ngati munthu amene wapeza mpando m'minibasi, amene amayamba ndiye kukuwa kuti yadzaza.

Tsiku lina atamwa tiyi anasiya zoseka. "Ba Sisita, lekani kuvutika. Tilembe dzina langa pamwamba apo, ikhale bulanchi yanga. Njila ya mapepala niiziba. Imwe muzisebenza chabe, va mitengo nizaona ine."

"Dzina la odya kolwe, anyani aja, pa khoma langa? Lingagwe lokha, Jonas asanaligwile."

Anaseka onse awiri. Koma galimoto itapita, amayi anaima nthawi yaitali akuyang'ana thabwa la chikwangwani limene linali litatsamira khoma, lopakidwa penti yoyera, lopanda chilembo.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena, chifukwa popanda icho zotsatirazi sizingamveke. M'kiliniki yatsopano simunalowepo wodwala. Koma nesi wopuma pa ntchito amene amakhala pakati pa anthu sapuma kwenikweni. Khomo la kukhichini kwa amayi linkagogodedwa: mwana wapsa ndi phala, bambo wadzitema ndi chikwakwa, gogo akufuna kudziwa ngati bipi yakwera. Amayi ankawakalipira onse, n'kutsuka bala, n'kumanga, kenako n'kuwathamangitsira ku chipatala cha boma. Sankalandira kanthu, kupatula maungu amene ankapezeka okha pakhonde.

Uthenga utafika woti oyendera akubwera sabata yotsatira, ndinawapempha amayi kuti tisauze anthu. Anavomera. Koma iwo ndi Akatolika a mphakati wa Yosefe Woyera, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamapemphera pamodzi m'kati mwa sabata, ndipo nthawi ya mapemphero opempha itakwana, anaona kuti kubisira Mulungu n'kosayenera. Anapempha mokweza kuti Ambuye afewetse mitima ya alendo a boma amene adzabwere Lachinayi. Onse anayankha kuti Ambuye timvereni. Wapampando wa mphakati, Ba Ezron, anamva kuposa onse.

Ba Ezron ndi mlimi wa tomato, munthu wamtali wokonda jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Anatsogolerapo mwambo wolandira bishopu, ndipo kuyambira pamenepo amaona kuti mlendo aliyense wobwera pa galimoto ndi udindo wawo.

Lachinayi m'mawa ndinadzutsidwa ndi nyimbo. Nditasuzumira pa windo ndinaona mabenchi onse a pakhonde la kiliniki atadzaza. Amayi a zitenje za tchalitchi, makanda kumsana, makadi a sikelo ali m'manja. Abambo atakhala pa njerwa zotsala. Njinga zitatsamira mpanda wonse. Agogo Ba Ackim, amene miyendo inawakana kalekale, anali atawabweretsa pa wilibala, atawayalira bulangete.

Ndinathamanga osavala nsapato. "Ba Ezron, ni chani ichi?"

"Mwana wanga, iwe wakulila kunja," anatero mondimvera chisoni. "Kuno mlendo wa boma safikila pa nyumba ya zii. Afunika aone kuti odwala tiliko. Akapeza mabenchi alibe anthu, azakamba ati kiliniki ni ya chani?"

"Koma sitinaloledwe kuona odwala!"

"Ndiye chamene tabwelela. Kuti akuloleni."

Nthawi yomweyo amayi anatuluka m'nyumba atavala yunifomu yoyera, yosita mpaka kuthwa, kachipewa kali pamutu, wotchi ili pachifuwa. Anavalira alendo, koma aliyense wowaona pakati pa khamu lija akanalumbira kuti ntchito ili m'kati. Anaima chilili. Ndinaona milomo yawo ikuyesa kupanga mawu oti anthu abwerere kwawo, koma munthu umawathamangitsa bwanji anthu amene anakumba manda a mwamuna wako? Asanapeze njira, fumbi la galimoto linaoneka kumsewu, ndipo nthungululu zinayamba.

Oyendera anali awiri. Wamkulu anali mayi wamfupi wa magalasi, Ba Keziah Chomba, tepi yoyezera ili m'manja. Mnzawo anali bambo wosalankhula, wongolemba. Anatsika pakati pa nyimbo, ndipo anyamata awiri, pofuna kuonetsa kuti potsetsereka paja pakugwira ntchito, anakankha wilibala ya Ba Ackim kukwera nayo mpaka pakhomo, agogowo akugwedeza dzanja ngati phungu.

"Bantu aba bonse ni bandani?" anafunsa Ba Chomba.

Ndinalowererapo ndi Chizungu changa chija. Ndinafotokoza kuti ndi anansi chabe, abwera kudzalandira alendo, palibe wodwala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, anandifunsa kumene ndinakulira, kenako anatembenukira mayi woyamba pa benchi.

"Amai, mwabwela kuchita chani?"

"Msana, madamu," anayankha Ba Susan, nkhope itakwinyika. Dzulo lake ndinawaona atasenza thumba la chimanga kuchokera ku chigayo, akuyankhula pa foni.

"Imwe?"

"Mutu na chizungulile."

"Imwe?"

"Chifuwa, madamu. Usiku sinigona."

Kuno munthu wa boma wovala bwino akakufunsa chimene chikukuvuta, kuyankha kuti uli bwino ndi mwano, komanso ndi kutaya mwayi. Ndiponso onsewo anabwera kudzathandiza. Matenda anayamba kukula pamene funso linkayenda pa benchi, aliyense osafuna kuti ake achepe pamaso pa alendo. Bambo wa kumapeto anapeza kuti matenda onse atha, ndiye anangoti, "Vonse vamene akamba anzanga."

Zikanathera pomwepo, mwina zikanakonzeka. Koma Ba Ezron anakweza dzanja kuti tsopano anthu apereke umboni.

"Ba Sisita aba ni dokota wathu kuyambila kudala," anatero mayi wina, akukweza mkono wa mwana wake. "Onani apa panapsa na phala. Anapoletsa ni iwo."

"Ine bipi amanipima sabata iliyonse."

"Ine ananimanga chala, onani, chilikobe!"

Bambo wosalankhula uja ankalemba. Akamalemba kwambiri, anthu ankaona kuti zikuyenda, n'kumaonjezera. Ndinayang'ana amayi. Anali ataima mowongoka ngati pa perete, maso ali kutsogolo.

Ba Chomba analowa m'nyumba. Anayeza makomo, anatsegula mipope yonse, anasuzumira m'ng'anjo, analowa ngakhale m'chimbudzi cha bishopu chija. Khomo limene Ba Sanford ankati ndi laling'ono analiyeza n'kugwedeza mutu movomereza. Atamaliza anatseka chitseko cha chipinda choonera odwala, tinatsala atatu.

"Ba Sisita, nyumba yanu ilibe mulandu," anatero motsitsa mawu. "Koma vamene namvela panja, siningachite monga sininamvele."

"Muno simunalowepo wodwala olo mmodzi," anayankha amayi. "Kukhichini kwanga, ee. Mwana akabwela atapsa, nimuuze ati yembekeza pepala?"

"Namvela. Na ine banibala ni ba nesi. Koma ivo muzakakambila ku komiti ku Lusaka. Ine nilemba vamene naona, vabwino na ivi vinangu."

Potuluka anapeza akazi a Ba Ezron, Ba Lillian, atagwada pafupi ndi galimoto, thadzi lomanga miyendo lili m'manja. Mlendo sachoka chimanjamanja. Ba Chomba anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Awe, awe, napapata. Ivo siningatenge."

Ba Ezron anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa nkhuku. Ndinawamva akunong'oneza munthu kuti athamangire mbuzi. Ndinawagwira jekete ndi manja awiri mpaka galimoto inanyamuka.

Fumbi litatsika, amayi anakhala pansi pa potsetsereka paja n'kuvula kachipewa. Anthu anawazungulira, nkhope zikuwala, akudikira kuthokozedwa. Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi: Ba Susan amene msana unali utapola kale, Ba Ackim m'wilibala yawo, Ba Lillian ndi thadzi lawo lokanidwa. Ine ndinali wokonzeka kuwauza onsewo zimene anachita, m'zilankhulo ziwiri.

"Wendy," anatero amayi, "tulutsa chibwantu, amweko. Anthu aimba kuyambila m'mawa."

Tsiku limenelo sanawauze kanthu.

Ba Sanford anafika dzuwa litapendeka, nkhani itawapeza kale ku tala. Anatsika akuseka mpaka anagwira chitseko cha galimoto kuti asagwe.

"Ati na mbuzi inali mu njila? Imwe ba kum'mawa, Lesa anakupangani pa Chisanu kumadzulo, atalema!"

"Khala pansi, wakuba iwe, usanigwetsele mpanda."

Anakhala, analandira kapu ya chibwantu chotsala, ndipo kuseka kunatha pang'onopang'ono.

"Manje nikambe zoona, mbuya wanga. Komiti ingakukanileni. Ingagwile na pepala yanu ya unesi, ija mwasunga zaka zonse izi. Lowani pansi pa ine. Dzina langa baliziba, nizaimilila naimwe. Mukafuna kuyenda mweka, muzayembekeza mpaka Jonas akakote."

Ine amene ndinkalalikira za mpikisano tsiku ndi tsiku, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Amayi, mwina muganizepo." Ndinachita mantha. Ndinali nditaona mmene bambo uja ankalembera.

Amayi anapukuta kachipewa kawo pa bondo.

"Sanford, nakhala niyankha 'inde Dokota' kuyambila nili mtsikana. Ena anali madokota a zoona, ena monga iwe. Nalema. Ngati anikanila, anikanile pa dzina langa." Anaimirira. "Pita bwino. Kapu usiye."

Pa msonkhano wotsatira wa mphakati, amayi anafotokoza mofatsa zimene zinachitika. Sanatchule dzina la munthu, koma Ba Ezron anavula jekete, chinthu chimene palibe anachionapo, n'kukhala ataweramitsa mutu mpaka pemphero lomaliza. Anthu asanabalalike, Ba Ezron analamula kuti kuyambira tsiku limenelo munthu asapondenso pa kiliniki ya Ba Sisita, ndipo wofuna kudwala akadwalire kutali ndi msewu umenewo.

Ku Lusaka tinapita pa minibasi, amayi atavala chitenje wamba. Pamaso pa komiti ananena zonse mmene zinalili, za nyimbo, za wilibala, ndi za khomo la kukhichini. Mmodzi wa akuluakuluwo anabisa nkhope kuseri kwa mapepala, mapewa akugwedezeka. Komabe anawachenjeza, anawauza kuti za kukhichini zithe, ndipo adikire kuyenderedwa kachiwiri.

Kudikirako kunadya dzinja lonse mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe. M'nyengo imeneyo Ba Sanford anachita lendi sitolo ina pa msika wa Kanakantapa kuti ikhale bulanchi ya kiliniki yawo, anaipaka penti, anaika mipope ndi wailesi ya kanema pa khoma, ndipo chilolezo chawo chinatuluka chathu chisanatuluke. Sanaphwanye lamulo lililonse. Anali ndi antchito kale, ankadziwa kukula kwa khomo asanaitane mmisiri, ndipo analibe mphakati wowakonda. Ine ndinakwiya mpaka kulephera kudya.

"Si mpikisano wako uja?" anandifunsa amayi. "Manje suufuna?"

Chimene chinawapweteka iwo si chimenecho, koma kutseka khomo la kukhichini. Mwana wopsa akabwera ankamunyamula okha kupita naye ku bulanchi ya Ba Sanford, n'kuima kumbuyo kwa nesi wachitsikana wa kumeneko, osanena kanthu, akungopuma mokweza mpaka bandeji itamangidwa mmene iwo akanamangira.

Tsiku loyendera kachiwiri, Kanakantapa inali ngati anthu asamuka. Ba Ezron anaima pa mphambano kuyambira m'mawa akubweza aliyense, ngakhale mbuzi. Ba Chomba anayenda m'nyumba yopanda munthu, anatsegulanso mipope, ndipo pochoka anayang'ana uku ndi uku ngati akusowa kanthu.

Chilolezo chinabwera, koma chochepa kuposa maloto a amayi: odwala oyendera okha, popanda kugoneka munthu, popanda kubereketsa. Zimenezo zimafuna zinthu zina zambiri zimene penshoni ya nesi singafikire. Chipinda chimene anakonzera amayi oyembekezera anachikhoma, kiyi n'kuika m'thumba la yunifomu. Koma pa thabwa paja panalembedwa dzina lawo ndi zilembo zobiriwira, ndipo Ba Jonas analikhomera m'mwamba kuti lizioneka kuchokera pa msika.

Tinatsegula Lolemba. Sikunabwere munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Anthu ankadutsa tsidya lina la msewu, kupereka moni chapatali. Ndinaona mayi wina akutsokomola, ataona chikwangwani anatseka pakamwa ndi chitenje n'kufulumira kulowera ku msika. Amayi anapukuta tebulo limene linali lopukuta kale, kenako anandituma kwa Ba Ezron.

Ndinawapeza ku dimba akumangirira tomato.

"Va chilolezo tinamva, mwana wanga, tinakondwela maningi," anatero. "Koma sitinauzidwe bwinobwino. Manje kudwala ni kololedwa?"

"Ee, Ba Ezron. Ni kololedwa."

Anaganiza pang'ono, chingwe chili pakamwa. "Uwauze Ba Sisita alengeze okha mu tchalitchi. Ine vinanikwana. Sinizatumanso anthu."

Lamlungu, Misa itatha, pa nthawi ya zolengeza, atangotha kunena za tsiku lophunzira kwaya, amayi anaimirira n'kupita kutsogolo.

"Abale anga, boma lavomela. Amene adwala zoona, abwele. Amene afuna kudwala chifukwa chonikonda, akhale kunyumba, Mulungu awadalitse komweko."

Tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale bambo mfumu. Ba Ezron anaseka mochedwa, atayamba ayang'ana ngati akazi awo akuseka.

M'mawa mwake kunabwera anthu, osati khamu. Ena anali atazolowera kale ku msika, kumene umadikira ukuonera mpira. Woyamba kulowa anali mlimi wa ku Bundabunda amene anabwera kudzaona mlongo wake n'kudzibaya ndi waya wa mpanda, munthu wosadziwa chilichonse cha nyimbo kapena mbuzi. Amayi anasamba m'manja pa mpope, anavala magolovesi, anamukalipira chifukwa chomanga bala ndi nsanza ya thumba la feteleza, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

Sabata isanathe tinamva kuti Ba Sanford ayamba kuyeza bipi kwaulere, ndipo bulanchi yawo izitsegula ndi Lamlungu lomwe.

"Mukamuuze azipitako ku tchalitchi, wakuba uja," anatero amayi, n'kusuzumira pakhonde. "Wotsatila!"